Musanalipire renti, funsani za nsikidzi

Mukakhala cha kuwindo mu minibasi kumapeto kwa mwezi, tawerengani makanta amene mupambana nawo pa Great East Road kuyambira pa Manda Hill mpaka ku Chelstone. Onse amapakira mofanana. Firiji yaima kumbuyo kwa dalaivala, masofa agonekedwa chagada, ma ukwa bag apanikizidwa m'makona, mbaula yamangiriridwa ku mwendo wa tebulo, ndiye pamwamba penipeni pali matilesi, mnyamata atakhalapo kuti mphepo isawauluze. Lusaka ndi tauni ya anthu a renti, ndipo munthu wa renti sakhalitsa. Renti ikakwera timakuka, madzi akavuta timakuka, tikayambana ndi ba landilodi timakuka. Amai amawerenga mapoto, abambo amayang'anira TV kuti isasweke. Palibe amene amawerenga apaulendo ena okwera ulele m'misoko ya matilesi aja, ndiwo nsikidzi.

Ndikulemba izi chifukwa ine mwini ndinazikwezapo kanta. Ndinali kukhala ku Kabwata, m'kachipinda kamodzi ndi kakhitchini. Kutatsala miyezi iwiri kuti ndikuke, ndinapha kachilombo kofiirira pa pilo, kanandisiyira magazi pa chala ndi kafungo koipa. Ndinadziwa bwino lomwe kuti n'chiyani. Ndinagula chitini cha mankhwala opopera udzudzu, ndinapopera mpaka kutsokomola, ndipo sindinauze munthu aliyense. Mumtima ndinati, nanga si ndikuchoka, zitsala momwemo. Nditapeza nyumba ku Avondale, ya zija ziwiri zogawana khoma limodzi, ndinafunsa ba agenti mafunso atatu amene tonse timafunsa: madzi amabwera kangati, mita ya ZESCO ndi yanga ndekha kapena yogawana, ndiponso ngati ba landilodi akhala pa yadi pomwepo. Za nsikidzi sindinafunse, ndipo nawonso sanandifunse.

Masabata atatu oyamba ndinagona ngati mfumu. Kenako ndinayamba kudzuka ndi totupa pa mkono ndi m'khosi, tondondozana titatu titatu. Ndinanamizira udzudzu. Nditatembenuza matilesi ndi kuona timadontho takuda m'msoko, ndinanamizira nyumba. Ndinaimbira foni ba landilodi, iwo anati, “Nyumba yanga ilibe nsikizi, kuno ni ku Avondale, si ku komboni.” Tinakangana, aliyense akuloza chala mnzake. Mkanganowo unatha tsiku limene ndinamasula bedi langa ndi kupeza mazira ndi makoko akale m'mabowo a mabauti, makoko ambiri oti sakanaunjikana pa mwezi umodzi chabe. Zinachokera nane ku Kabwata.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo pake. Tsiku lina m'mawa ndinakumana ndi amai a khomo linalo pa chingwe choyanikira zovala, ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumbuyo. Anati, “Ba neba, uyu mwana sagona. Neti tili nayo, mafuta nasintha, sopo nasintha, manje vilonda vichulukira chabe.” Ndinayang'ana timiyendo ta mwanayo ndipo ndinazindikira mizere ija. Ndinatenga masiku awiri ndisanalimbe mtima kukagogoda ndi kunena zoona. Masiku awiri aja, mwana anali kulumidwa chifukwa cha manyazi a munthu wamkulu.

Makolo athu anati nsikidzi zinachilira kwa alendo. Mwini nyumba anawiritsa madzi kuti athire pa mphasa, koma poona alendo akulowa anachita manyazi, anabisa mphasa, nsikidzi n'kupulumuka. Mu Lusaka wa lero mwambiwu ukugwira ntchito ndendende. Maganizo anga ndi akuti nsikidzi zikuyenda kuchoka nyumba ina kupita ina chifukwa tonse timakhala chete pa tsiku limodzi limene tikanazigonjetsa mosavuta, tsiku lokuka. Pa tsikuli nyumba yakale imatsala yopanda kanthu, yatsopano ilibe kanthu, ndipo katundu aliyense amadutsa m'manja mwanu. Mwayi wotere subweranso mpaka mudzakukenso. Choncho funso la nsikidzi liyenera kukhala lachizolowezi ngati la madzi ndi malaiti. Wolowa afunse, wotuluka aulule, mwini nyumba ayankhe popanda kukwiya.

Tiyambe tachotsa bodza limene limadyetsa manyaziwo, lakuti nsikidzi ndi za anthu auve ndi osauka. Nsikidzi sidya nyenyeswa za nsima ngati mphemvu, siifuna zinyalala ngati ntchentche. Chakudya chake ndi magazi basi. Imakupezani potsata kutentha kwa thupi ndi mpweya umene mumapuma mukagona, ndipo magazi a ku Kabulonga ndi a ku Kanyama amakoma chimodzimodzi. Mu 2023 bungwe la boma la France loona za chitetezo cha umoyo, ANSES, linalengeza kuti mabanja 11 pa 100 alionse m'dzikolo anakhalapo ndi nsikidzi pakati pa 2017 ndi 2022. Linapezanso kuti kulemera kapena kusauka sikusankha amene zimugwere. Kusiyana kumabwera pozichotsa, chifukwa wopanda ndalama amakhala nazo nthawi yaitali. Chaka chomwecho mzinda wa Paris unagwedezeka ndi nkhani ya nsikidzi ukukonzekera masewera a Olympics a 2024, mpaka masukulu ena anatsekedwa kwa masiku kuti apopere.

Kufupi ndi kwathu kuno, mu Epulo 2025, mafulati a ku Mbare mu Harare anadzaza nsikidzi, zimene anzathu a Chishona amati tsikidzi, mpaka khansala ya mzindawo inayamba kupopera chipinda ndi chipinda. Phunziro la ku Mbare ndi lakuti anthu akagawana makoma amagawananso nsikidzi. Siziuluka, sizidumpha, koma zimayenda bwino, ndipo zimadutsa m'ming'alu, m'mapaipi a mawaya a magetsi ndi pamwamba pa siling'i. Ku Avondale, ku Chelstone ndi ku Woodlands mapuloti ambiri amene kale anali ndi nyumba imodzi manje ali ndi mafulati anayi kapena asanu mkati mwa mpanda umodzi. Geti lamagetsi limaletsa akawalala, koma nsikidzi imalowa ndi kanta, ba gadi atatsegula okha.

Kuti mumvetse chifukwa chake imodzi chabe ndi yokwanira, dziwani mmene imakhalira. Yaikulu imatalika pafupifupi mamilimita 5, ngati njere ya apulo, ndipo ikakhala ndi njala imaphwatalala moti imalowa mumng'alu umene khadi ya ku banki ingalowe. Yaikazi imaikira mazira ochepa tsiku lililonse, koma pa moyo wake wonse amafika mazana. Mazirawo ndi oyera, aang'ono ngati njere ya shuga, ndipo amamatirira pa thabwa kapena pa nsalu, kukutumula sikuwachotsa. M'nyengo yotentha amaswa pakapita sabata imodzi kapena masiku 10. Kamwana kamafundula kasanu kasanakule, ndipo nthawi iliyonse kamafuna magazi. Pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi nako kayamba kuikira. N'chifukwa chake nyumba yatsopano imaoneka yabwino mwezi woyamba, mavuto n'kuonekera mwezi wachiwiri, depoziti italipiridwa kale. Chinanso, nsikidzi imatha miyezi ingapo osadya. Ba agenti akati nyumba yakhala yopanda munthu mwezi wathunthu, musaganize kuti zafa ndi njala.

Ntchito imayambira kunyumba yakale, masabata awiri lisanafike tsiku lokuka. Tengani tochi ya pa foni ndi khadi yakale, muvule bedi lonse. Yang'anani m'misoko ya matilesi, pansi pa kachikwangwani ka fakitale, m'makona. Masulani bedi lenilenilo, chifukwa malo amene zimakonda kwambiri ndi polumikizira matabwa ndi kumbuyo kwa thabwa la kumutu. Tembenuzani sofa, muone pansi pamene nsalu inakhomeredwa. Onani m'mipendero ya makatani, pamwamba pa neti pomangira zingwe, kumbuyo kwa zithunzi ndi kalendala, m'madirowa a pafupi ndi bedi, ngakhale m'mabuku amene mumawerenga pogona. Mukufuna zinthu zinayi: timadontho takuda tonga inki ya bolopeni, amene ndi matuvi ake, makoko otuwa, mazira oyera, ndi zamoyo zenizenizo. Musadalire khungu lanu. Anthu ena amalumidwa osatupa ngakhale pang'ono, moti mwamuna amagona tulo tofa nato mkazi akudzikanda usiku wonse pa bedi lomwelo.

Chida chachikulu chimene tili nacho ndi kutentha, ndipo n'chotsika mtengo kuposa mankhwala. Madzi otentha madigiri 60 amapha nsikidzi pamodzi ndi mazira ake. Amene tilibe makina ochapira tingawiritse madzi pa mbaula, kuika mashiti, mabulangete, mapilokesi ndi makatani m'bafa lalikulu, kuthira madziwo ndi kusiya zinyowe ndithu zisanachapidwe. Ana akhale kutali, chifukwa madzi owira apweteka ana ambiri kuposa nsikidzi. Zovala zosalola madzi otentha muzichise ndi nsimbi, mukudinda kwambiri m'misoko, m'makolala ndi m'matumba. Malaiti akapita, nsimbi ya malasha imagwira ntchito yomweyo. Chilichonse chimene chachapidwa ndi kuuma chilowe m'pulasitiki yatsopano, mumange pakamwa, ndipo musamasule mpaka mukafike. Mukachiika pa bedi lomwe lija usiku umodzi, mwataya malasha anu pachabe.

Bedi la matabwa kapena lachitsulo limasulidwe, lituluke panja, muthire madzi owira m'malumikizidwe monga ankachitira agogo athu, mukweche ndi bulashi yolimba. Likauma, tsekani ming'alu ndi vanishi kapena penti. Ngati mukukhomesa bedi latsopano kwa akalipentala a ku Kalingalinga, auzeni akupakireni vanishi ngakhale mkati mosaoneka, chifukwa thabwa losalala lopanda ming'alu limasowetsa nsikidzi pobisala. Za dzuwa ndinene mosabisa. Dzuwa la Okutobala lingathandize pa nsapato kapena kachikwama kotsekeredwa m'pulasitiki yakuda tsiku lonse, koma pa matilesi silikwanira. Pamwamba pamatentha, nsikidzi zimangosamukira kunsi kozizira, madzulo mumazilowetsanso m'nyumba. Ena amati ikani mufiriza. Izi zimagwira ngati kuzizira kwafika madigiri 18 pansi pa ziro kwa masiku anayi osadukiza, ndipo inu mukudziwa nokha ngati malaiti a kwanu angakhale masiku anayi osapita.

Samalani ndi zonyamulira. Makatoni otola kuseri kwa shopu ali ndi timipata tambirimbiri, ndipo simudziwa kumene anagona. Ma ukwa bag ndi masutukesi amene akhala pansi pa bedi chaka chonse ndiwo oyamba kuwakayikira, muwatsuke ndi madzi otentha m'misoko ndi m'zipi. Kanta nayo muione. Lori imodzi imakukitsa mabanja awiri kapena atatu pa tsiku lomaliza la mwezi, ndipo mabulangete akale amene anyamata amayala kuti firiji isakalike akhudza masofa a tauni yonse. Auzeni mwaulemu kuti asese kumbuyo, muyale pulasitiki yanu, ndipo matilesi muwakulunge musanawakweze. Akadandaula kuti nthawi ikutha, kumbukirani kuti amene mukagone pa matilesiwo ndinu.

Tsono kunyumba yatsopano. Musapite kukaiona madzulo kukuda, ba agenti akukufulumizitsani. Pitani masana ndi tochi yanu. Yambani ndi chipinda chogona, pa khoma pamene bedi la wotuluka linatsamira, chifukwa timadontho takuda timatsala pamenepo. Onani m'ming'alu ya pulasitala, polumikizana khoma ndi pansi, m'mphepete mwa masoketi ndi maswichi, m'mafelemu a zitseko, pa chitsulo cha makatani, ndi m'makona a mawadilopu omangira kukhoma, makamaka mashelefu a m'munsi. Penti yatsopano isakunyengeni. Imakongoletsa ndipo imabisa madontho, koma siifika mkati mwa soketi. Ngati nyumba ili ndi katundu wake kale, bedi ndi sofa za mwini, muzifufuze ngati mmene munafufuzira zanu. Mukamaliza, patsani moni ba neba ndi kuwafunsa. Safunsa anadya phula. Munthu amene akhala pa yadi amadziwa chifukwa chenicheni chimene wakale anachokera, ndipo amadziwa ngati anaona matilesi akuyanikidwa Loweruka lililonse.

Ndikudziwa zimene ena mukunena muli pa mpando wa kumbuyo. Mukuti nyumba ndi zosowa, ba agenti atenga kale ya kuonera, akuti anthu asanu akudikira, ndiye ine ndiyambe kugwada ndi tochi m'makona? Ba landilodi sadzandiona ngati wovuta? Nkhawayi ndi yoona, ndipo mphamvu zambiri pa msika wa nyumba mu Lusaka zili kwa eni nyumba. Koma kufufuza kumene ndikunena kumatenga mphindi 15, ndipo simufunika chilolezo cha munthu kuti muyang'ane m'kona mwa wadilopu. Mukupereka renti ya miyezi iwiri kapena itatu pamodzi ndi depoziti, ndalama zimene ambiri timachita kulowera chilimba kapena kukongola. Tomato wa pa Soweto timamutembenuza tisanagule. Nanga nyumba? Mwini nyumba amene wapsa mtima ndi funsoli wakuonetsani mmene adzayankhire paipi ikadzaphulika.

Kwa eni nyumba ndikuti, funsoli likutetezani inunso. Ba landilodi anga analibe mlandu, wolakwa ndinali ine, koma analipira nawo chifukwa mafulati awiri anagwidwa. Akanandifunsa pa tsiku losainirana kuti, kodi kumene muchokera kunalibe vuto la nsikidzi, mwina ndikanachita manyazi, koma ndikanachapa katundu ndisanalowe. Nyumba ikakhala yopanda katundu ndi nthawi yosavuta kutseka ming'alu ndi kupopera, mulibe chakudya, mulibe ana. Perekani makiyi kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti wolowa aione bwino. Lembani m'pepala la mgwirizano kuti nonse awiri mwayendera nyumba ndipo mwapeza zotani, ndi kuti zikaoneka adzalipira ndani. Chiganizo chimodzi chotere chingachepetse mikangano yambiri ya madepoziti. Ndipo fulati imodzi ikagwidwa, oyandikana nayo onse afufuzidwe, chifukwa kupopera khomo limodzi kumangozithamangitsira kwa ba neba.

Pali khalidwe lina limene tiyenera kusiya, makamaka ife amene tafika kumayadi. Sofa ikagwidwa ndi nsikidzi, timaipereka kwa mtsikana wa ntchito kapena kwa mnyamata wa m'dimba ngati mphatso, osanena kanthu. Iye amaikweza pa wilibala mokondwa kupita nayo ku Kamanga kapena ku Mtendere, kwa ana ake. Mawa tidzakhala pa khonde n'kumanena kuti nsikidzi zimachokera ku komboni. Ena amajambula bedi bwinobwino n'kuligulitsa pa Facebook, ati tikugulitsa chifukwa tikusamuka. Enanso amangosiya matilesi pa geti, podziwa kuti mu Lusaka chinthu chosiyidwa panja sichifika madzulo. Kumeneko ndi kupatsira mnzako vuto mwadala. Ngati chinthu chagwidwa moti simungachipulumutse, ching'ambeni ndi mpeni kuti wina asachitole, muchikulunge, ndipo muuze otola zinyalala chimene chili mkati. Inunso ogula, katundu wakale wa m'chipinda chogona mumufufuze asanakwere galimoto. Za salaula n'zosavuta, zichapidwe ndi madzi otentha kapena zichisidwe zisanalowe mu wadilopu. Chimodzimodzi thiranki ya mwana wobwera ku boding'i ndi chikwama cha amene wagona m'malo ogona alendo.

Nanga minibasi imene mwakweramo? Ena amaopa mipando yake. N'zotheka nsikidzi kugwa m'chikwama cha wina n'kukwera chanu, koma malo amene zimaswana ndi pamene munthu amagona kapena kukhala maola ambiri usiku uliwonse. Ulendo wa ku tauni suyenera kukusowetsani mtendere. Njira yaikulu imene zimalowera m'nyumba ndi bedi, matilesi, sofa ndi zikwama, zinthu zimene timanyamula tokha ndi manja awiri.

Manje za mankhwala, pamene pali ngozi yoposa nsikidzi zenizenizo. Madokotala sanapeze kuti nsikidzi zimafalitsa matenda kwa anthu monga amachitira udzudzu. Zimasowetsa tulo, zimayabwitsa, mwana akadzikanda zilonda zingalowe tizilombo, ndipo munthu wosagona amalakwitsa pa ntchito. Koma zimene anthu amachita atatopa nazo ndi zimene zimapha. Pali mapilisi otuwa oika m'nkhokwe ndi m'matumba a chimanga, a aluminium phosphide. Akakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa gasi wa phosphine, amene amadutsa m'ming'alu kulowa zipinda zina, ndipo alibe mankhwala othetsa poizoni wake. Mu Disembala 2021 ku London, mtsikana wa zaka 11 anamwalira chifukwa mnansi wa m'nyumba yomweyo ya mafulati anaika mapilisi amenewa pofuna kupha nsikidzi. Wina akakuuzani pa msika kuti ikani tuwiri pansi pa bedi mutseke chitseko, mukaneni. Palafini ndi petulo pa matilesi, m'nyumba imene timayatsa makandulo malaiti akapita, ndi kuitana moto. Mankhwala a m'munda, a thonje kapena a tomato, si a m'chipinda chogona.

Zitini za udzudzu nazo zimangotha ndalama. Zimapha nsikidzi imene mwaiona ndi kuipopera mwachindunji, koma zobisala zimathawira mkati, ndipo mazira amatsala. M'maiko ambiri nsikidzi zinazolowera mankhwala a gulu la pyrethroid, amene ali m'zitini zambiri ndiponso m'maneti. Pa chifukwa ichi ena amataya neti, ati ndiyo yabweretsa nsikidzi. Neti siibala nsikidzi, zimangobisala m'misoko yake ngati mmene zimachitira m'makatani. Ifufuzeni, muitsuke, ikagwidwa kwambiri mupeze ina, koma musagone popanda neti. Malungo amapha, nsikidzi siipha.

Ngati mwaitana opopera, funsani laisensi. Bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environmental Management Act la 2011, ndilo limayang'anira mankhwala ophera tizilombo ndi amene amachita nawo malonda. Munthu wa pampu kumsana ndi botolo lopanda chikwangwani angakhale wotchipa, koma simudziwa chimene akuthira pamene mwana wanu amakwawa. Funsani dzina la mankhwala, muone botolo, mufunse maola amene muyenera kukhala panja. Funsaninso tsiku limene adzabwerenso. Mankhwala ambiri sapha mazira, choncho kupopera kwachiwiri pakapita masiku 10 mpaka 14 n'kofunika kuti tiana toswa kumene tife tisanayambe kuikira. Amene akulonjezani kuti kamodzi n'kokwanira akufuna ndalama yanu chabe. Kwathu ku Avondale anabwera kawiri m'makomo onse awiri, ndipo zinandidyera pafupifupi theka la malipiro a mwezi, kuwonjezapo matilesi atsopano a mwana uja. Malasha ndi mapulasitiki zimene ndikanagula ku Kabwata sizikanafika ngakhale pa gawo laling'ono la ndalamazo.

Mukalowa m'nyumba yatsopano musafulumire kumasula zonse. Bedi liime motalikirako ndi khoma, mashiti asakhudze pansi, ndipo pansi pa bedi pakhale popanda katundu. Yalani mashiti owala kuti kadontho ka magazi kaoneke. Kwa masabata asanu ndi limodzi, Loweruka lililonse tembenuzani matilesi ndi kuunika m'misoko. Mukapeza imodzi, iikeni m'kabotolo kapena muijambule, muuze ba landilodi ndi ba neba tsiku lomwelo. Nsikidzi khumi pa bedi limodzi zimatheka ndi ketulo ndi nsimbi. Zikafika m'masoketi a mafulati anayi, ndi nkhani ya miyezi.

Khansala ya Lusaka nayo ili ndi mbali yake. Ili ndi dipatimenti ya za umoyo wa anthu, ndipo oyendera ake timawaona m'misika ndi m'malo odyera, makamaka nyengo ya kolera. Ndikupempha kuti nkhani ya nsikidzi ilowe m'mauthenga awo a pa wailesi ndi m'makiliniki, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina, kuti anthu adziwe zizindikiro ndiponso kuopsa kwa mapilisi a chimanga. Aike poyera mndandanda wa opopera ovomerezeka, kuti munthu asamadalire nambala yolembedwa pa mtengo wa malaiti. Ayenderenso nyumba zogona ana a sukulu ndi malo ogona alendo, kumene anthu amasinthana mabedi kawirikawiri. Koma khansala singalowe m'chipinda chilichonse cha mu Lusaka. Amene amaona pansi pa matilesi anu ndinu.

Amai a khomo lina aja sanandikalipire monga ndinkaopera. Anangoti, “Ba neba, sembe munakamba kudala.” Mawu amenewo ndimawakumbukira ndikaona kanta pa Great East Road. Mwezi uno ukatha ena mwa inu mukuka, ena mukulandira wolowa watsopano, ena mukuona katundu akutsitsidwa pa khomo loyandikana nalo. Wiritsani madzi kutatsala masabata awiri. Tengani tochi popita kukaona nyumba. Ngati kumene mukuchoka munali nsikidzi, uzani mwini nyumba musanapereke makiyi, kuti wobwera pambuyo panu asalowe ndi ana ake mumsampha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.